Nkhanu, Ma Prawn ndi Nkhono za M'nyanja pa Mbale ya Mayi Woyembekezera

Mayi akangoima, mbale yake imasanduka nkhani ya mudzi wonse. Apongozi amuletsa mazira poopa kuti mwana angadzabadwe wopanda tsitsi. Azakhali amuletsa tsabola. Mnzake wa kuntchito amutumizira pa WhatsApp mndandanda wa zakudya zoopsa, umene palibe akudziwa kuti anaulemba ndani. Onsewa akuletsa choncho, nkhuli ili pakhosi osasuntha, ndipo nkhuli ya munthu wapakati sifunsa mtengo kapena mtunda. Lero akufuna mango osapsa, mawa dothi la pachulu, mkuja chakudya chimene anangolawako paukwati wa mnzake.

Kale funso la mutu uno silikanakhudza ambiri a ife. Malawi ndi Zambia ndi maiko opanda nyanja ya mchere, ndipo ndiwo zathu za m'madzi ndi usipa, utaka, matemba, chambo, mlamba ndi kapenta. Nkhanu timaziona m'mitsinje ndi pamiyala ya m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Ena amadya, ambiri amangozilambalala. Koma masiku ano m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka muli mapaketi a ma prawn oundana. Amene amayenda ulendo wa ku Tete, Beira kapena Quelimane amazipeza pamsika. Alongo athu ambirimbiri ali ku Cape Town, Durban ndi ku Britain, ena akugwira ntchito m'makhitchini momwe zakudya zimenezi zimaphikidwa tsiku ndi tsiku, ndipo nawonso amatenga pakati.

Yankho lalifupi ndi lakuti mayi woyembekezera angadye zakudya zimenezi ngati zapsa mpaka m'kati, ngati zachokera m'madzi odziwika, ndiponso ngati sizinafundepo panjira. Zosaphika asadye n'komwe. Zotsatirazi zikufotokoza chifukwa chake, kuti mayi azitha kuweruza yekha akakumana ndi mbale imene sinatchulidwe pamndandanda uliwonse.

Magulu awiri a za m'zigoba

Zamoyo zonsezi tizitcha za m'zigoba, pakuti zilibe minga m'kati monga nsomba. Thupi lawo lofewa limabisala m'chigoba. Zili m'magulu awiri.

Gulu loyamba ndi la zamiyendo: nkhanu, ma prawn, abale awo ang'onoang'ono otchedwa shrimp, komanso lobster. Izi zimayenda n'kumasaka chakudya pansi pa madzi. Ma prawn otchuka a ku Mozambique, amene eni ake amawatcha camarão, ambiri amagwidwa m'dera la nyanja lotchedwa Sofala Bank, kumene mtsinje wa Zambezi umathira madzi ake. Kumeneko chigwada chotendera, chimene amati matapa, amachiphika ndi mkaka wa kokonati n'kuponyamo nkhanu kapena ma prawn.

Gulu lachiwiri ndi la nkhono. Zina zili ndi chigoba chimodzi chopiringizika monga nkhono za kumunda. Zina zili ndi zigoba ziwiri zotsekuka ndi kutsekeka: oyster, mussel, clam ndi scallop. Zazigoba ziwirizi ndizo zofuna maso kwambiri, chifukwa cha kadyedwe kake. Calamari wa m'malesitilanti nayenso ndi wa m'banja la nkhono, kungoti kachigoba kake kanabisika m'kati mwa thupi.

Zimene thupi limapindula

Madokotala sanafune kungoletseratu zakudya zimenezi chifukwa muli zabwino zambiri. Muli zomanga thupi, mafuta ndi ochepa. Ma mussel ndi ma clam ali ndi ayironi komanso vitamini B12, zimene thupi limafuna popanga magazi. Imeneyi si nkhani yaing'ono kwathu: kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi oyembekezera pafupifupi 45 mwa 100 alionse m'Malawi anali ndi magazi ochepa. Oyster ali ndi zinki wochuluka kuposa pafupifupi chakudya china chilichonse. Za m'nyanja ya mchere zilinso ndi ayodini, mchere uja umene ukasowa munthu amatupa chithokomiro. Kwa mwana amene ali m'mimba, ayodini amathandiza kukula kwa ubongo, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mayi woyembekezera amafunika mamaikilogalamu 250 pa tsiku. Mulinso mafuta a omega-3, amene amamanga ubongo ndi maso a mwana.

N'chifukwa chake bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku United States, limalangiza amayi oyembekezera kudya nsomba ndi za m'zigoba kawiri kapena katatu pa sabata, zokwana magalamu 225 mpaka 340, ndipo ma prawn, nkhanu, clam, oyster ndi scallop anaziika m'gulu la zoyenera kwambiri. A zaumoyo a ku Britain, a NHS, nawonso amati za m'zigoba zophika zilibe vuto.

Komabe mayi wa ku Ntcheu kapena ku Katete asadandaule kuti mwana wake akuperewedwa kanthu chifukwa sanalawe prawn. Usipa ndi matemba, zimene timadya ndi mutu ndi minga yomwe, zimagwira ntchito yomweyo pa mtengo wochepa. Ayodini ali mu mchere wa m'paketi, ndipo mankhwala owonjezera magazi amaperekedwa kusikelo. Akhristu a mpingo wa Seventh-day Adventist sadya za m'zigoba moyo wawo wonse, ndipo amabereka ana athanzi.

Sefa wamoyo

Oyster kapena mussel sasaka chakudya. Amakhala malo amodzi, kukoka madzi, kugwira tizakudya tosaoneka ndi maso timene tili m'madzimo, n'kulavula madziwo. Oyster mmodzi wamkulu, nyengo ikamukomera, amatha kusefa malita oposa 100 pa tsiku. Taganizirani sefa wa ufa: ufa umadutsa, koma mitama, timiyala ndi anankafumbwe zimatsalira pamwamba. Nkhono zimenezi zikakhala pafupi ndi pamene ngalande za zimbudzi za mumzinda zimathira m'nyanja, tizilombo toyambitsa matenda timatsalira m'thupi mwawo, tochuluka kuposa timene tili m'madzi owazungulira. Ndiye nsomba timaitumbula, n'kutaya matumbo. Oyster amadyedwa yense, ndi matumbo omwe, ndipo m'mahotela apamwamba amamudya wamoyo, atangomufinyira ndimu.

M'madzi ofunda a m'mbali mwa nyanja mumakhala mabakiteriya a mtundu wa Vibrio. Dzinali lingaoneke lachilendo, koma mmodzi wa m'banjali timamudziwa bwino: Vibrio cholerae, woyambitsa kolera, matenda amene anapha anthu oposa 1,700 m'Malawi mu 2022 ndi 2023. Kwathu kolera anafala makamaka kudzera m'madzi akumwa, koma ku Peru mu 1991 za m'nyanja zosaphika zinali imodzi mwa njira zimene anafalira. Mbale wake wina, Vibrio vulnificus, sagwira anthu ambiri, koma mwa anthu 5 amene wawagwira, pafupifupi mmodzi amamwalira, makamaka amene chiwindi chawo chinali kale ndi vuto.

Palinso mavairasi. Norovirus amayambitsa kusanza ndi kutsekula m'mimba kwadzaoneni kwa masiku awiri kapena atatu. Vairasi ya hepatitis A imatupitsa chiwindi n'kuchititsa chikasu. Mu 1988 mumzinda wa Shanghai ku China anthu pafupifupi 300,000 anadwala matendawa atadya ma clam osapsa ochokera m'madzi oipa. Yoopsa kwa amayi apakati ndi hepatitis E. Munthu wamba nthawi zambiri amachira yekha, koma WHO imati mwa amayi amene aitenga m'miyezi itatu yomaliza ya pakati, mpaka 20 kapena 25 mwa 100 alionse angamwalire. Njira yake yaikulu ndi madzi akumwa oipitsidwa ndi chimbudzi, ndipo nkhono zosaphika zochokera m'madzi otero zimainyamulanso.

Mwamuna ndi mkazi wake wapakati angadye mbale imodzi, mwamunayo n'kungomva m'mimba kuwira pang'ono, mkaziyo n'kukagonekedwa. Pa nthawi ya pakati chitetezo cha m'thupi chimasintha kuti thupi lisalimbane ndi mwana amene likumunyamula, ndipo matenda ena amapezerapo mpata. Kutsekula ndi kusanza kumatha madzi m'thupi msanga, zimene zingautse matenda a uchembere nthawi isanakwane. Kutentha thupi kwambiri si kwabwino kwa mwana, ndipo mankhwala ena amene dokotala akanapereka msanga kwa munthu wina sangawapereke kwa woyembekezera.

Ndimu sapha tizilombo timeneti. Viniga sapha, piri-piri sapha, mowa wotsikitsira sapha. Kuundanitsa m'firiza kumangotigoneka tulo. Ndipo oyster wonyamula matenda amaoneka bwinobwino, amanunkhira monga anzake.

Kachilombo kosaopa firiji

Ambiri tikukumbukira chaka chimene polony anachotsedwa m'masitolo. Kuyambira mu 2017 mpaka 2018 ku South Africa kunabuka mliri wa listeria waukulu kuposa wina uliwonse umene unalembedwapo padziko lapansi. Anthu oposa 1,000 anadwala, oposa 200 anamwalira, ndipo gulu lalikulu la odwalawo linali la makanda ongobadwa kumene, amene anatengera matendawo kwa amayi awo. Gwero lake linapezeka kuti linali fakitale ya nyama ku Polokwane, ndipo mu March 2018 Malawi, Zambia ndi maiko ena oyandikana nawo analetsa kulowetsa nyama zoterezi.

Listeria ndi bakiteriya wopezeka m'dothi ndi m'madzi. Chodabwitsa chake n'chakuti kuzizira kwa m'firiji, kumene kumaimitsa mabakiteriya ena ambiri, iye kumangomuchedwetsa; amaswanabe pang'onopang'ono. Motero malo ake okonda ndi zakudya zimene zinakonzedwa kale, zimakhala m'firiji masiku ambiri, ndipo zimadyedwa osazitenthetsanso. Pa za m'madzi, zimenezi ndi nsomba zofukizidwa ndi utsi wozizira, ma mussel ofukiza, ma prawn ophikaphika ogulitsidwa ozizira, ndi masaladi a nkhanu. Ku New Zealand mu 1992 mapasa ongobadwa kumene anamwalira ndi listeria, ndipo ofufuza anatsata kachilomboko mpaka kukakapeza mu ma mussel ofukiza.

Mayi woyembekezera amatenga matendawa mosavuta kuwirikiza pafupifupi ka 10 poyerekeza ndi anthu ena. Choipa kwambiri n'chakuti iye mwini sangadwale kwenikweni: kutentha thupi pang'ono, kuphwanya m'thupi, mutu, zonga chimfine kapena malungo oyamba kumene. Koma kachilomboko kamadutsa pa nsengwa n'kukafika kwa mwana, ndipo zotsatira zake zingakhale kupita padera, kubereka mwana wosakwana masiku, kapena mwana womwalira kale.

Pa ma prawn ophikaphika ozizira malangizo a maiko amasiyana. A NHS amalola. Kuno kumene magetsi amatha kuthima m'mawa n'kuyaka madzulo, ine ndingati mayi awatenthetsenso mpaka atulutse nthunzi. Listeria amafa ndi moto, ndipo kutenthetsako ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Ntchito ya moto

Pafupifupi zonse zimene tatchulazi, Vibrio, listeria, mavairasi a chiwindi, zimathera pamoto. Funso n'lakuti munthu adziwa bwanji kuti zapsa, popeza pakhomo pathu palibe kachipangizo koyezera kutentha kwa chakudya. Akatswiri amati pakati penipeni pa nyamayo pafike madigiri 63 ndi kupitirira, koma maso amathanso kuona.

Prawn wosaphika amakhala wotuwa, nyama yake yoonekera m'kati ngati yamadzimadzi. Akamapsa chigoba chimafiira, thupi limapindika, nyama imayera mbee n'kulimba. Tengani wamkulu kuposa onse mum'phikamo, mumudule pamene pali ponenepa. Ngati pakati pakadali potuwa ndi ponyezimira, bwezerani pamoto. Samalani kwambiri ndi ma prawn ootcha pa makala: moto wa mbaula ukakhala waukali, kunja kumapserera m'kati muli mwamuwisi. Kamzere kakuda ka pamsana ndi matumbo ake. Ng'ambani pang'ono ndi mpeni n'kukachotsa musanaphike, chifukwa mumakhala mchenga.

Nkhono za zigoba ziwiri zogulidwa zosaundana ziyenera kukhala zamoyo mpaka nthawi yolowa mum'phika. Mukazitsuka, yang'anani imodziimodzi. Yosweka chigoba tayani. Yoyasama igogodeni ndi chala kapena pa thebulo: yamoyo imadzitseka, yakufa imangokhala chiyasamire, ndipo imeneyo tayaninso. Zikakhala pamoto zimatseguka zokha. Apa ndi pamene ophika a m'mahotela amaphula, poopa kuti nyama ingalimbe. Mayi woyembekezera asaphule. Zisiyeni ziwire mphindi zina 3 mpaka 5 zitatseguka kale, ndipo ngati mukuphika ndi nthunzi, mphindi 4 mpaka 9. Chifukwa chake n'chakuti chigoba chimatseguka kutentha kusanafike pamene mavairasi amafera. Mafakitale a ku Britain amafuna kuti m'kati mufike madigiri 90 kwa masekondi 90. Imene yakana kutseguka anzake onse atatseguka, musaikanule ndi mpeni. Itayeni.

Nkhanu nayo igulidwe yamoyo kapena youndana, chifukwa ikafa imaola mofulumira kuposa nsomba. Yaikulu imafuna mphindi 15 mpaka 20 m'madzi obwadamuka, mpaka chigoba chifiire ndipo nyama ya m'miyendo iyere. Zofiirira zofewa za m'chigoba chachikulu, zimene ena amazikonda, ndi ziwalo zimene zimasunga zoipa zimene nkhanuyo inadya, kuphatikizapo chitsulo cha cadmium. Ndi bwino kudya nyama yoyera, zofiirirazo mwa apo ndi apo.

Moto ungagwire ntchito yake bwino, mpeni n'kuiwononga. Thabwa limene mwasenderapo ma prawn likadulirapo tomato ndi anyezi wa saladi, tizilombo tapeza njira yodutsa osakumana ndi moto. Chimodzimodzi mbale imene munaikamo zosaphika, mukaphuliramo zakupsa, ndi madzi odontha kuchokera m'paketi m'firiji. Sopo ndi madzi zitsuke manja, mpeni ndi thabwa. Zotsala zilowe m'firiji pasanathe maola awiri, nyengo ya October pasanathe ola limodzi, ndipo zidyedwe mawa lake zitatenthetsedwa kwambiri. Pakhomo popanda firiji, phikani zongokwana kudya nthawi yomweyo.

Zimene moto sungathe

Pali zinthu ziwiri zimene ngakhale mutaphika tsiku lonse sizichoka.

Choyamba ndi poizoni wa ndere. M'nyanja muli ndere zing'onozing'ono zosaoneka ndi maso, ndipo nthawi zina zimaswana mwadzidzidzi mpaka madzi kusanduka ofiirira. Mitundu ina ya nderezi imapanga poizoni. Nkhono zosefa madzi zija zimadya nderezo, poizoniyo n'kuunjikana m'thupi mwawo, izo osafa. Munthu akadya, pasanathe maola awiri milomo ndi lilime zimachita dzanzi, kenako zala, ndipo zikafika poipa minofu yopumira imafooka. Mankhwala ochotsa poizoniyu palibe; kuchipatala amangomuthandiza munthu kupuma mpaka thupi litamutulutsa lokha. Mtundu wina wa poizoni wotere unadziwika mu 1987 ku Canada, pamene anthu oposa 100 anadwala atadya ma mussel a ku Prince Edward Island. Atatu anamwalira, ndipo ena anatsala ndi vuto loiwalaiwala.

Amene ali ku Cape Town nkhaniyi ili pakhomo pawo. Gombe la kumadzulo kwa South Africa, cha ku Elands Bay, Lambert's Bay ndi St Helena Bay, limaona kufiira kwa nyanjaku kawirikawiri chakumapeto kwa nyengo yotentha. Ndere zikafa n'kumaola zimatha mpweya m'madzi, ndipo ma lobster amatuluka kuthawira kumtunda. Mu 1997 ku Elands Bay anatuluka okwana matani pafupifupi 2,000. Munthu woona ndiwo zodula chonchi zili mbwee pamchenga mtima umamukoka, koma boma limachenjeza kuti asatole, chifukwa palibe akudziwa kuti zinafa liti. Ma mussel a pamiyala, amene aliyense angathe kukazula Lamlungu masana, ndiwo oopsa kwambiri pa nthawi zoterezi, ndipo amakhalabe ndi poizoni kwa masabata madzi atayera kale. A m'sitolo amachokera m'mafamu amene madzi ndi nkhono zake zimayezedwa. Mayi woyembekezera adye ogula, otola okha awasiye.

Chachiwiri ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chija chimene chinkakhala m'zoyezera kutentha thupi zakale. Dziko linadziwa kuopsa kwake kudzera m'tauni ya Minamata ku Japan, kumene mu 1956 madokotala anazindikira matenda achilendo pakati pa mabanja a asodzi. Fakitale ina inkataya mercury m'nyanja, ndipo anthu ankadya nsomba ndi nkhono za pamenepo tsiku lililonse. Amayi ena amene sankaoneka odwala anabereka ana owonongeka ubongo, zimene zinasonyeza kuti mercury amadutsa pa nsengwa, ndipo amavulaza mwana kuposa mayi.

Pamadzi osaipitsidwa ndi fakitale, za m'zigoba zili m'gulu la zokhala ndi mercury wochepa kwambiri. Mercury amachuluka mu nsomba zikuluzikulu zokhala zaka zambiri zikudya zinzake: shaki, swordfish ndi marlin, zimene mayi woyembekezera ayenera kuzipewa. Tuna adye mwa muyezo. A NHS amati asapitirire zitini 4 zapakatikati pa sabata. Prawn ndi usipa moyo wawo ndi waufupi, sakhala ndi nthawi younjika chitsulochi. Chenjezo la kwathu kuno ndi la mitsinje imene anthu amasefamo golide pogwiritsa ntchito mercury, monga zimachitikira m'madera ena a ku Zimbabwe ndi ku Manica ku Mozambique. Nkhanu ndi nsomba za kumunsi kwa malo otero si za munthu wapakati.

Ulendo wochokera kunyanja

Wa ku Maputo angapite kumsika wa nsomba, kusankha ma prawn amene afika m'mawa womwewo, n'kuwapereka kwa ophika a pomwepo. Wa ku Lilongwe prawn wake wayenda makilomita mazanamazana, wadikira pachipata cha dziko, wasinthidwa galimoto, wagona m'firiza ya sitolo. Pa ulendo wonsewo anayenera kukhala wouma gwa ndi kuzizira, pa madigiri 18 kunsi kwa ziro. Akasungunuka penapake n'kuundananso, mabakiteriya amakhala ataswana kale, ndipo kuundana kwachiwiriko kumangobisa mlandu.

Paketi imaulula yokha. Ma prawn oundana bwino amakhala payekhapayekha, mukagwedeza paketi amachita phokoso. Akakhala chibuluma chimodzi, pansi pa paketi pali ayezi wofiirira, ndiye kuti anasungunukapo. Mukawasungunula kunyumba, muwanunkhize. Abwino amamveka kafungo ka madzi a m'nyanja basi. Fungo lobaya m'mphuno longa la mkodzo, mitu yakuda yothothoka yokha, ndi nyama yoterera ndi zizindikiro zakuti ndalama yapita. Atayeni, ngakhale mtima ukuwawa. Sungunulani m'firiji usiku wonse, kapena m'madzi ozizira ali m'pepala lake lomanga, osati padzuwa.

Magetsi akathima, firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira kwa maola 4 okha. Firiza yodzaza imapirira pafupifupi maola 48, yodzaza theka maola 24. Za m'zigoba zimene zasungunuka n'kufunda musazibwezerenso.

Tima shrimp touma timene timagulitsidwa m'misika ya ku Mozambique tilibe vuto la firiji. Titsukeni kuti mchenga ndi fumbi la pamsika zichoke, ndipo tiwire limodzi ndi ndiwo, osati kungotibwira. Timakhala ndi mchere wambiri, choncho mayi amene kusikelo anamuuza kuti magazi ake akuthamanga achepetse.

Nkhanu za kumtsinje kwathu

Nkhanu za m'madzi opanda mchere zili ndi nkhani yawoyawo. Zina zimanyamula tinyongolotsi totchedwa Paragonimus, timene munthu akadya nkhanu yosapsa timaboola matumbo n'kukakhazikika m'mapapo. Wodwala amatsokomola kwa miyezi, nthawi zina magazi, moti amaganiziridwa chifuwa chachikulu. Matendawa ndi odziwika ku East Asia, ndipo muno mu Africa ku Cameroon ndi ku Nigeria, kumene anachuluka pa nthawi ya nkhondo ya Biafra ya 1967 mpaka 1970 anthu atayamba kudalira nkhanu chifukwa cha njala. Kuwawula nkhanu pamoto mwachangu, monga amachitira anyamata kudambo, sikukwanira. Iwiritsidwe mpaka ipse.

Choopsa chachikulu kwathu sichili m'kudya koma m'kugwira. Madzi odekha a m'madambo, m'mitsinje ndi m'magombe ena a nyanja ya Malawi muli tinkhono timene timasunga tizilombo ta likodzo. Tizilomboti sitilowera pakamwa ndi chakudya, timaboola khungu la munthu amene waima m'madzimo. Likodzo limatha magazi, amene mayi wapakati alibe kale okwanira. Ngati nkhuli ya nkhanu yavuta, atumidwe wina. Amene akukodza magazi anene kusikelo. Mankhwala ake, praziquantel, WHO inavomereza kuti angaperekedwe kwa amayi oyembekezera, ndipo azachipatala ndiwo amadziwa nthawi yoyenera.

Kulesitilanti, ndi pamene mwadya kale

Pamalo odyera, safunsa anadya phula. Funsani woperekera zakudya ngati muli chosaphika m'mbale imene mukufunayo, ndipo muuzeni kuti ndinu woyembekezera kuti akuphikireni mpaka zipse. Oyster wa pa ayezi, sushi wa nsomba kapena nkhono zosaphika, ndi ceviche, imene ndi za m'nyanja zongoviika mu ndimu, zidikire mpaka mutachira. Supu wowira, kale wa ma prawn, calamari wokazinga ndi mpunga wa za m'nyanja wobwera ukufuka nthunzi, idyani. Patebulo la paukwati pamene zakudya zayalidwa kuyambira masana, za m'zigoba zilambalaleni.

Amene za m'zigoba zimamuwenga, zimene zimaoneka ndi zidzolo zoyabwa, kutupa milomo kapena kubanika, apitirize kuzipewa. Pakati sipachotsa ziwengo. Koma mayi amene sizimuwenga asazisale poganiza kuti akuteteza mwana ku ziwengo, chifukwa kusala kotero sikunapezeke kuti kumathandiza.

Zimachitika kuti mayi wadya oyster wosaphika asanadziwe kuti waima, kapena wazindikira mbale itatha kuti prawn anali wotuwa pakati. Ambiri otere sadwala, ndipo ngati palibe chizindikiro chilichonse palibe mankhwala ofunika kumwa. Chofunika ndi kudziyang'anira. Kutsekula kapena kusanza kukayamba, yambani kumwa Thanzi ORS nthawi yomweyo, pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati thupi latentha, ngati chimene mwamwa chikubwerera, ngati m'chimbudzi muli magazi, ngati maso achita chikasu ndi mkodzo wada, ngati m'mimba mukupotokola kapena mukutaya magazi, kapena ngati mwana wachepetsa kugunda. Dzanzi la milomo mutangodya nkhono, kapena kubanika, n'zothamangira pompopompo, usiku kapena usana.

Kwathu munthu wotentha thupi amayamba wayezedwa malungo, ndipo n'zoyenera. Koma akapezeka kuti alibe malungo thupi likutenthabe, mayi auze anamwino kapena adokotala zimene anadya, kumene anazigula ndi tsiku lake, ngakhale asanafunsidwe. Asangotchula zadzulo ndi dzana zokha. Hepatitis A imaonekera patatha masabata awiri mpaka 7, ndipo listeria amatha kubisala m'thupi mpaka miyezi iwiri.